Galimoto yanu sikuwira chifukwa cha dzuwa la ku Mangochi

Ikafika miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene anthu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe amatsikira kunyanja Loweruka lililonse, pagalaja panga pamabwera magalimoto okokedwa, ndipo eni ake onse amafika ndi mawu amodzimodzi: "Amisiri, galimotoyi ilibe vuto ayi, kungoti kwanu kuno kukutentha kwambiri." Mawu amenewa ndatopa nawo, ndipo akupha mainjini abwino.

Kutentha kwa Mangochi sikuwiritsa galimoto yabwinobwino, bwana. Ma Sienta ndi maminibasi amene amayenda pakati pa boma ndi Monkey Bay kuyambira m'mawa mpaka madzulo, atadzaza anthu ndi matumba a usipa, amayenda padzuwa lomweli. Injini imagwira ntchito bwino madzi ake akakhala pakati pa madigiri 85 ndi 100, pamene mpweya wa kuno, ngakhale tsiku limene aliyense wathawira pansi pa mtengo wa mango, umathera cha m'ma 40. Kwa radiyeta, mpweya wa madigiri 40 ndi wozizira ndithu. Chimene dzuwa lathu limachita ndi kuulula matenda amene munanyamuka nawo kwanu. Ku Blantyre kuja muli pamtunda, ulendo wanu ndi wochoka kunyumba kupita kuntchito, injini isanatope mwafika kale. Kapayipi kolakasa, chivindikiro cha radiyeta chakutha, fani yozungulira mwaulesi, zonsezi zimabisala. Koma mukatsika mapiri a Machinga n'kuwoloka Shire pa Liwonde, mwalowa m'chigwa chimene sichifika ndi mamita 500 omwe pamwamba pa nyanja yaikulu, galimoto yanyamula banja lonse ndi katundu, eyakoni ili pamwamba, ndipo mwayenda maola osapuma. Pamenepo chofooka chilichonse chimaonekera.

Ine ndimakonda anthu okonda magalimoto, ndipo zimenezi ndizinene poyera. Timagulu tija timatsika titandandalika, magalimoto otsukidwa mpaka kunsi, n'kuima pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Queen Victoria kapena pamlatho wa Bakili Muluzi kudzajambulitsa, timandisangalatsa. Mwa iwo muli anyamata amene amadziwa nambala ya injini yawo pamtima. Komanso mwambo wa pamsewu wa kwathu kuno ndi wabwino: ukatsegula boneti m'mbali mwa msewu wa M3, sipatenga nthawi wina amaima, wina akubweretsera chigubu, wakabaza akufunsa ngati akakuitanire makaniko. Chimene chimandiwawa n'chakuti gulu lomwelo, ndi mtima wabwino womwewo, ndi limene limapereka malangizo omalizitsa injini. Pagalimoto yowira aliyense amasanduka makaniko, ndipo womveredwa amakhala amene akulankhula mokweza.

Pali nkhani imodzi imene mpaka lero sinditha kuichotsa m'mutu. Kagulu kena kanali paulendo wochoka ku Blantyre kupita ku Cape Maclear. Mmodzi mwa iwo anali mnyamata wa Toyota Mark II yakale, ya injini ya 1G ija ya masilinda 6 ondandalika, galimoto imene anaikonza ndi manja ake kwa nthawi yaitali. Penti yonyezimira, mipando yosokedwanso, matayala atsopano. Anali atatenga mwana wa mlongo wake, kamnyamata ka kusekondale, kuti kakaone nyanja. Atadutsa Liwonde singano ya kutentha inayamba kukwera. Anaima pa Ulongwe, anathira madzi, n'kupitiriza. Palibe amene anagwada n'kusuzumira pansi kuti aone kuti madzi oyamba aja apita kuti. Funso loyamba ndi limenelo nthawi zonse. Galimoto simamwa madzi. Ngati achepa, ndiye kuti akutulukira penapake.

Singano itakweranso, anaima pamalo ena pomwe panali mnyamata wa masipanala pansi pa mtengo. Iye anati vuto ndi themositati, kachitseko kamene kamatsegula ndi kutseka njira ya madzi opita ku radiyeta, ndipo anthu onse oima pamenepo anavomereza kuti inde, kunyanja kuno themositati ndi yosafunika, ndi ya kumayiko a chisanu. Kuti aichotse anafuna atsegule kaye radiyeta. Mwini galimoto anali pafoni, ndiye kamnyamata kaja, pofuna kuthandiza amalume ake, kanatenga kansanza n'kupotokola chivindikiro. Madzi ndi nthunzi zinakamenya kuyambira pamkono mpaka pachibwano. Anthu anathamangira pagolosale n'kukapaka mankhwala otsukira mano. Mnzawo wina anakanyamula pagalimoto yake kuthamangira kuchipatala, ndipo mwini wa Mark II, mtima uli m'mwamba, analola kuti themositati ichotsedwe msangamsanga, anathiramo madzi a pamjigo, n'kuyamba kuthamangitsa mnzake uja. Panjira anaona singano yatsika pansi, ndipo anaganiza kuti mnyamata wa pansi pa mtengo uja wachiza galimoto. Isanafike paboma injini inagwira, osatembenukanso.

Ataikokera kwa ine ndinapeza kuti chimene chinayambitsa zonsezi ndi kapayipi kakang'ono ka hita, kumbuyo kwa injini, kamene kanang'aluka pafupi ndi kilampu. Mtengo wake sukanafika ndi wa mbale ya nsima ya chambo. Themositati imene anaichotsa ija mwini wake anali nayo m'thumba. Nditaiika m'madzi otentha inatseguka bwinobwino. Inalibe mlandu. Injini inatha, hedi, mutu wa injini umene umakhala pamwamba pa masilinda, inapindika, mapisitoni anakanda masilinda. Koma injini imagulidwa ina. Chimene chimandivutitsa ndi nkhope ya mnyamata uja atakhala pabenchi panga, osayang'ana n'komwe galimoto yake, akungofunsa kuti kodi akamuuza chiyani mlongo wake.

Tiyambe ndi chivindikirocho, popeza ndi chimene chimavulaza anthu. Mukachiyang'ana pamwamba mupeza palembedwa 0.9 kapena 1.1. Imeneyo ndi mphamvu imene chimapanikiza nayo madzi m'kati. Madzi a pamoto amawira pa madigiri 100, koma akapanikizidwa chotero amatha kufika cha m'ma 120 asanawire. Ndiye mukamachitsegula injini ili yotentha, mukumasula madzi amene adutsa kale powirira, ndipo amasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kutumphira kumaso kwanu. Kansanza sikathandiza. Kupotokola pang'onopang'ono sikuthandiza. Dikirani mphindi zosachepera 30, ndipo ngakhale zitatha, finyani kaye payipi yaikulu ya pamwamba ndi nsalu: ngati ikadali yolimba gwa, musakhudze chivindikiro. Ana asayandikire boneti. Munthu akapsa, muthireni madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, mum'vule mphete kapena wotchi pasanatupe, mum'phimbe ndi nsalu yoyera, mupite naye kuchipatala. Mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira, oyilo wa galimoto, zonsezi zimangowonjezera ntchito kwa achipatala amene ayenera kuzichotsa pabala.

Tsopano za singano yotsika ija, chifukwa pamenepa ndi pamene ngakhale madalaivala akale amapusitsika. Kachipangizo kamene kamauza singano kutentha kamayeza madzi. Kamayenera kumira m'madzi. Madzi akatha, kamatsala pouma, ndipo singano imatha kutsika ngati zonse zili bwino, pamene chitsulo chili ngati mphika wosiyidwa pamoto madzi ataphwera. Singano imene inali pamwamba ikatsika yokha musanakonze kanthu, musasangalale, imani pomwepo. Chizindikiro china ndi hita: mukaiyatsa n'kumatulutsa mpweya wozizira injini ili yotentha, madzi atha. Ndipo ambiri a inu muli ndi magalimoto a ku Japan atsopanowa, ma Vitz, ma Passo, ma Fit, amene alibe n'komwe singano. Ali ndi kanyali kobiriwira kapena kabuluu kosonyeza kuti injini ikadali yozizira, ndi kofiira kosonyeza kuti yatentha. Kofiirako sikakuchenjezani kuti vuto likubwera ayi. Kakayaka ndiye kuti lafika kale.

Mawu ena amene ndimadana nawo ndi akuti "ndinati ndingofika." Ndingofika paboma, ndingofika pa Makawa, ndingofika pa loji tikaone m'mawa. Hedi ya magalimoto amenewa ndi ya aluminiyamu. Sifuna makilomita ambiri kuti ipindike. Mphindi zochepa chabe zikwana. Munthu amaima pa makilomita 5 kuchokera pamene kanyali kanayaka, n'kumati sanayende kwambiri. Makilomita 5 amenewo ndi amene amasiyanitsa kugula payipi ndi kugula injini. Zimitsani eyakoni, yatsani hita mpaka pamapeto ngakhale thukuta likuyendereni, chifukwa hita imachotsako kutentha m'madzi a injini, patukani pamalo oyamba otetezeka, zimitsani. Musathire madzi ozizira pamwamba pa injini, ndipo musawathire m'radiyeta injini ikadali moto. Chitsulo chotentha chikazizira mbali imodzi mwadzidzidzi chimang'aluka.

Za themositati ndalankhula mpaka mawu kusasa. Sinaikidwe chifukwa cha chisanu cha ku Japan. Pa ma Toyota ambiri imayamba kutseguka pa madigiri 82, ndipo ntchito yake ndi kusunga injini pa kutentha kumodzi, kaya muli ku Dedza m'mwezi wa Juni kaya muli ku Mpondasi masana. Pa mainjini ambiri ili ndi ntchito yachiwiri imene anyamata a pansi pa mtengo saidziwa: ikamatseguka, kumbuyo kwake imatseka kanjira kachidule kamene madzi amazungulira m'kati mwa injini osapita ku radiyeta. Mukaichotsa, kanjira kaja kamakhala kotseguka nthawi zonse, ndipo madzi ena otentha amangobwerera mu injini osazizira. Ndiye mwachotsa chinthu kuti galimoto isawire, koma pokwera phiri iwira kuposa kale. Potsetsereka nako injini imazizira mopitirira, kompyuta imaganiza kuti mwangoiliza kumene, imathira petulo wambiri, ndipo petulo wotsalayo amatsuka oyilo m'masilinda. Pakapita miyezi mumabwera kudzadandaula kuti galimoto ikumwa mafuta. Themositati imafa ndithu, imatha kukakamira yotseka. Ikafa, iyesedwe m'madzi otentha, ndipo ilowe ina yatsopano.

Mnzake wa kuchotsa themositati ndi kulumikiza fani ndi waya wachindunji kuti izingozungulira. Ngati muli patchire, pakati pa Chantulo ndi Golomoti dzuwa likulowa, ndipo mwapeza kuti fani sikuyaka, chitani zimenezo kuti mufike pamene pali anthu. Koma mukafika kakonzetseni. Fani ikasiya kuyaka pali chifukwa: fyuzi, rileyi, sensa kapena mota yakeyo. Mukaisiya pa waya wachindunji mota imatha msanga, ndipo waya wopanda fyuzi ndi umene umayatsa moto m'boneti.

Nanga zimene anthu amathira m'radiyeta! Ndatsukamo dzira lophikika, fodya, tsabola, ufa, sopo. Amati zimatseka kabowo. Zimatsekadi, koma sizisankha: timachubu ta m'radiyeta ndi tating'ono kwambiri, ndipo zimene zatseka kabowo zimatsekanso timachubuto pamodzi ndi ta hita. Galimoto imasiya kudontha n'kuyamba kuwira mwakachetechete. Maradiyeta a magalimoto a masiku anowa ali ndi mathanki a pulasitiki pamwamba ndi pansi. Pulasitikiyo ikasintha mtundu kuchoka pakuda n'kuyamba kufiirira, yatha, yaphika, ndipo guluu amene akumatirani pamsika adzasiya tsiku limene mwakwera phiri. Musayambe nayo ulendo wa kunyanja.

Madzi nawo. Ndikudziwa kuti kulanti, madzi a mankhwala oziziritsa injini aja, ndi wodula, ndipo munthu amaona ngati madzi ndi madzi basi. Mijigo ina ya m'mbali mwa nyanja kuno ndi cha ku Malombe madzi ake ndi amchere, mungawamve ndi lilime. Madzi otero amasiya zoyanga m'kati mwa radiyeta, amadya mapiko a pampu ya madzi, amachititsa dzimbiri m'buloko. Kulanti sanapangidwe kuti ateteze chisanu chokha. Ali ndi mankhwala oletsa dzimbiri, ndiponso amakweza pamene madzi amawirira. Pangozi thirani madzi oyera amene mwapeza, a m'botolo ngati alipo, injini itazizira. Koma mukafika kwanu akhuthulidwe onse, mutsuke, muthire kulanti woyenera galimoto yanu. Musasakanize mitundu mwachisawawa, wofiira ndi wobiriwira, chifukwa ina ikakumana imapanga matope. Ndipo samalani ndi madzi opaka utoto amene amagulitsidwa m'mabotolo opanda chidindo m'mbali mwa msewu. Utoto suteteza injini.

Inu a timagulu toyenda limodzi, muli ndi mwayi umene woyenda yekha alibe, koma simuugwiritsa ntchito. Pagulu pakhale wina wonyamula chigubu cha malita 5 a kulanti wosakaniza kale, makilampu, mafyuzi, tepi, tochi ndi pulayala. Kutatsala sabata kuti munyamuke, aliyense apite ndi galimoto yake akaipope mpweya m'radiyeta ndi kapampu koyesera, aone ngati ikusunga mphamvu. Ntchito imeneyi sitenga ndi ola lomwe, ndipo ikanaulula kapayipi ka Mark II ija galimoto ikadali pakhomo. Yang'ananinso kutsogolo kwa radiyeta, pakati pa iyo ndi ya eyakoni, pamene pamadzaza fumbi, udzu ndi tizilombo. Mnzanu akaima, imani naye, koma musam'kakamize kuti anyamuke chifukwa nyama ikudikira kunyanja. Ndaona magalimoto ambiri amene anafa chifukwa mwini wake anachita manyazi kuchedwetsa anzake. Mutengeni iye ndi banja lake, galimoto isiyidwe pamalo odalirika, pafilingi siteshoni kapena papolisi, ikatengedwe bwino.

Pokoka napo pali msampha. Galimoto ya otomatiki, makamaka za giya ya CVT zimene zadzaza m'misewu yathu, siyenera kukokedwa ndi chingwe mtunda wautali matayala oyendetsa ali pansi. Injini ikazima pampu ya oyilo wa m'giyabokosi imaimanso, ndipo zitsulo zimazungulira zouma. Munthu amachoka ku Monkey Bay ndi vuto la radiyeta, n'kufika paboma, mtunda wopitirira makilomita 60, ali ndi vuto la radiyeta ndi giyabokosi. Funani lole yoti iinyamule yonse. Ndi yodula, inde, koma giyabokosi ndi yodula kuposa pamenepo.

Ena amapulumuka tsiku limenelo. Galimoto inawira, inazizira, anathira madzi, inalira, anafika ku Cape Maclear, anasambira, n'kuiwala. Amenewa ndi amene ndimawadera nkhawa kwambiri, chifukwa gasiketi, imene imatseka mpata wa pakati pa hedi ndi buloko, imatha kuvulala osafa tsiku lomwelo. Yang'anani m'mawa musanalize. Ngati madzi achepanso koma pansi palibe dontho, ngati injini ikunjenjemera polira koyamba kenako n'kukhazikika, ngati ku ekizozi kukutuluka utsi woyera wonunkhira motsekemera ngakhale injini itatentha, ngati m'kabotolo ka madzi mukutuluka thovu injini ikulira, ngati pansi pa chivindikiro cha oyilo pali phala loyererako, gasiketi yapita. Payipi ya pamwamba ikalimba gwa patangopita kanthawi kochepa mutaliza injini yozizira, ndiye kuti mpweya wa m'masilinda ukulowa m'madzi. Pa siteji imeneyi ntchito ndi yotheka: hedi ichotsedwe, ipite ku makina akaiyeze ngati yapindika kapena yang'aluka, aisikime, ndiye kuti aipale ndi makina kuti isalale, ngati m'pofunika, ilowe gasiketi yabwino, mabawuti amangidwe ndi sipanala yoyezera mphamvu motsata dongosolo lake. Wina akakuuzani kuti asintha gasiketi pansi pa mtengo masana amodzi, hedi akuipala ndi sandipepa pasimenti, mabawuti akumanga ndi mpope mongoyerekeza, tsekani boneti. Mukazengereza, madzi amalowa mu oyilo, mabeyaringi amadyeka, injini imayamba kunoka, ndipo tikatero tikukamba za kugula ina.

Kumbukiraninso kuti kubwera kunyanja n'kutsetsereka, kubwerera n'kukwera. A ku Lilongwe akudikiridwa ndi phiri la Golomoti, lokhotakhota mpaka kukatulukira pamsewu wa M1. A ku Zomba ndi ku Blantyre ali ndi mapiri a Machinga akangodutsa Liwonde. Ofuna kukaona Namwera kapena kukafika kumalire a Chiponde akumana ndi chikweza cha Chowe atangowoloka mlatho. Galimoto imene inavutika pamsewu wathyathyathya wa pakati pa Ulongwe ndi boma singakwere pamenepo ili ndi anthu asanu ndi chambo m'buti. Ngati inawira pobwera, ngakhale kamodzi kokha, musaloze nayo phiri makaniko asanaiyese. Lamlungu masana magalaja ambiri kuno amakhala otseka, ndiye bwerani nayo Loweruka lomwelo, musanapite kukasambira.